Akuti ndiziyamika, koma ndiyamike chiyani?

FUNSO

Mayi, ndine bambo wa zaka 64, ndimakhala ku Kawale. Ndinagwira ntchito yoyendetsa galimoto ku Capital Hill mpaka ndinapuma nditakwanitsa zaka 60. Mayi a kunyumba anatisiya zaka zitatu zapitazo. Chaka chatha sitiroko inandigwetsa m'bandakucha ndikupita kosamba, dzanja lamanja n'kufooka, moti kalatayi akundilembera ndi mdzukulu wanga. Anthu a kumpingo akabwera kudzandizonda mawu awo ndi amodzi: "Muziyamika, anzanu sitiroko imawatenga tsiku lomwelo." Ine ndimangovomera, koma mumtima mukuwawa. Munthu amene ndinkayendetsa mabwana mpaka ku Karonga, lero mabatani a malaya akundimangira ndi mwana wa Sitandade 6. Kodi ndikuchimwa polephera kuyamika?

Bambo wa ku Kawale

YANKHO

Bambo, pepani ndi maliro a mayi, pepaninso ndi matendawa. Simukuchimwa ayi. Kuyamika kochita kukulamulani munthu amene manja ake onse ali bwinobwino sikufika mumtima. A kumpingowo sakukufunirani zoipa. Ambirife tikaona mnzathu ali m'masautso timasowa chonena, ndiye timangotola mawu amene ali pafupi.

Inenso anandiuzapo mawu omwewo. Amuna anga anamwalira mu 1999 ndi matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina, tinkangonong'onezana kuti kaliwondewonde. Ndinali mphunzitsi wa pulayimale, ana anayi, nyumba yalendi ku Area 25. Sabata isanathe achibale a malemu anabwera ndi lole, n'kunyamula bedi, mipando ndi makina anga osokera. Ndili chikhalire pamphasa m'nyumba yopanda kanthu, mayi wina anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Yamikani, akusiyirani ana." Sindinayankhe. Ndinalibe choyamika tsiku limenelo, ndipo kunama sindikanatha.

Kenako kunagwa njala ya 2002. Amene munali mu Lilongwe muno mukukumbukira mizere yogulira chimanga, anthu kugona pomwepo n'kubwerera thumba lili m'manja, ndi anthu a kumidzi kudzazungulira m'makomo kufuna ganyu yolipidwa madeya. Kwathu tinkaphika phala la madeya kamodzi, madzulo, kuti ana apezeko tulo. Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala mayi ena ogulitsa makala, osapita kusukulu. Zaka zonsezo ndinkangowaponyera moni wapatali, poti ine ndinali "aphunzitsi". Mwezi wa Febuluwale, njala itafika posauzana, ndinayamba kupeza kambale ka ufa pakhomo la kukhitchini, kovindikira ndi kansalu kothimbirira ndi makala. Ankabwera kukada, osagogoda. Tsiku lina ndinawadikirira kuti ndiwathokoze. Anangoti, "Musandichititse manyazi, bwezani kambaleko mawa," n'kutembenuka.

Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ine n'kuyamba kumwa mu 2005 ku Lighthouse, chipatala cha anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV. Ndili pabenchi kudikira dzina langa, ndinkangowerenga zala: zaka zisanu zokha, bambo a ana anga akanakhala pabenchi lomweli. Lero ndili ndi zaka 71 ndipo chilonda chimenecho chikadalipo. Kachiromboka sindikayamika. Njala ija sindiiyamika. Amene amati mavuto onse ndi madalitso obisika, ine sindigwirizana nawo, chifukwa ndinaona ana akuikidwa m'manda popanda dalitso lililonse lotulukamo. Chimene ndimayamika ndi mayi a makala aja, amene ndikanafa ndisanawadziwe ngakhale tinkayanika zovala pachingwe chimodzi. Kuyamikako kunabwera kokha, patapita zaka, ndipo kunandipeza ndikusambitsa thupi lawo pamodzi ndi amayi anzanga tsiku la maliro awo.

Tsono m'kalata yanu ine ndaonamo munthu amene inu mwangomudutsa. Mdzukulu uja. Inu mukayang'ana pansi mumaona dzanja lofooka, koma pamalaya omwewo pali tizala ta mwana amene amayamba wakumangirani mabatani asanathamangire kusukulu, ndiponso wakhala pansi kulemba kalata yowawa chonchi osadumpha liwu. Abambo a msinkhu wanu munaleredwa kuti muzipereka basi: fizi, ndalama ya ndiwo, bokosi la maliro a kumudzi. Kulandira palibe anakuphunzitsani. Ine kutola kambale kaja kunandivuta kuposa kugona ndi njala, ndipo ndikukhulupirira kuti chimene chikukupwetekani kwambiri ndi chomwecho, osati dzanja lokha.

Musaganize kuti mwatsala opanda chomupatsa mwanayo. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Amene angamuuze mmene galimoto imatsikira makhotakhota a ku Chiweta nyanja ili pansi apo, kapena mmene chifunga cha ku Chikangawa chimatsekera msewu masana, ndi inu. Muzimuuza akamamanga mabataniwo. Muuzeninso za agogo ake aakazi, musaope kulira iye akuona.

Za thupi ndinenepo mwachidule. Mankhwala a BP musadumphitse ngakhale tsiku limene mukumva bwino, chifukwa BP imakwera mwakachetechete ndipo sitiroko imatha kubwereza. Mchere uchepe m'ndiwo, ndipo ophika achepetsenso soda m'therere. Mafizo olimbitsa ziwalo zofooka musawanyoze, ku Kamuzu Central Hospital alipo odziwa ntchito imeneyi, funsani a dokotala anu akutumizeniko. Kunyumba dzanjalo lizipatsidwa ntchito tsiku ndi tsiku, kaya kutola nyemba m'lichero, kaya kufinya kansanza konyowa. China chimene anthu sachitchula: munthu akadwala sitiroko nthawi zambiri mtima umagwa pansi, ndipo inu muli ndi maliro pamwamba pake. Mukaona kuti tulo takana, chakudya sichikulowa, kapena maganizo akuti bola kufa akubwerabwera, kauzeni a dokotala mosabisa. Amenewonso ndi matenda ndipo chithandizo chake chilipo.

A kumpingo aja akabweranso, musangovomera. Auzeni kuti, "Zoyamikazo ndamva, koma ndikusowa wondiperekeza kuyenda mpaka kumsika Lachitatu, ndi wosewera naye bawo." Ena adzazimiririka. Mmodzi kapena awiri adzafika Lachitatulo, ndipo mwina adzakhala amene simunkawawerengera n'komwe.

Kuyambira mawa batani la m'munsi muziyesa nokha, ngakhale litenge mphindi khumi, mdzukuluyo amange otsalawo. Mukafika pa batani lachitatu mundilemberenso, ndipo mzere womaliza wa kalatayo mudzayese kulemba ndi dzanja lanu.