Funso la amayi landikumbutsa chitendene changa

Imelo yanu, amayi, ndaiwerenga kawiri misozi ikulengeza. Mwana wanu wa zaka 15 waduka mtsempha wakuchitendene, uja amati Achilles, pa masewera odumpha ndi kutembenuza thupi aja amati gymnastics. Amupanga opareshoni, ndipo mukufunsa kuti abwerera liti kumpikisano.

Ine ndinali ndi zaka 16. Kwa miyezi iwiri chitendene chinkandiwawa m'mawa uliwonse ndikangoponda pansi, koma kochi wathu ankati ndi ulesi chabe. Ndinkangomanga bandeji n'kumadumphabe. Tsiku latsokalo ndinathamanga kuti nditembenuke chagada m'mwamba, phazi litangokankha pansi ndinamva kuti phwa! Ndinacheuka kuti ndione amene wandimenya theche. Kunalibe munthu. Kuchipatala adokotala anandigoneka chafufumimba n'kufinya katumba, phazi osagwedera ngakhale pang'ono. Mtsemphawu ndi wolimba kuposa yonse m'thupi, koma pamwamba pang'ono pa chitendene magazi safikapo ambiri, ndipo ndi pomwe umakonda kudukira.

Ndinena mosabisa: kochi wouza mwana kuti apirire ululu wa chitendene sayenera kuphunzitsa ana. Mpaka lero zimandiwawa mumtima.

Komanso anthu amakonda kutonthoza ndi nkhani ya Courtney Kupets, wosewera gymnastics wa ku America, amene anaduka mtsempha womwewu mu 2003 ali ndi zaka 17, chaka chotsatira n'kukapata mamendulo pa Olympics ku Athens. Ndi zoona, ndimamusirira. Koma nkhani zotere ndi zimene zinandivulitsa jombo yachipatala nthawi isanakwane, n'kumakoka phazi ndekha usiku kuchipinda. Mtsempha unapola utatalika. Katumba wanga wakumanzere ndi wowonda mpaka pano, ndipo mphamvu zodumphira sizinabwerere zonse. Amayi anga sankadziwa n'komwe, ankaona ngati ndagona.

Nanga abwerera liti?

Jombo ija, yokweza chitendene, amakhala nayo pafupifupi miyezi iwiri kapena itatu. Kubwerera kumpikisano nthawi zambiri ndi miyezi 6 mpaka 12. Musawerenge masiku pakalendala. Onani ngati akutha kunyamula chitendene mobwerezabwereza ataima ndi mwendo wovulalawo wokha, mofanana ndi winawo. Mafizo asadumphitse, ndipo asakoke mtsempha adokotala asanalole. Katumba akatupa n'kumawawa, kapena bala likayamba kutuluka mafinya, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwina magazi aundana kapena balalo lalowa matenda. Ndipo usiku, chonde, muzisuzumira kuchipinda kwake muone ngati jombo ili kuphazi.