Kupuma modekha kungathandize chiyani pamene bambo akufunsani funso lomwelo kakhumi?

Achemwali ena anandilembera imelo sabata yatha. Akusamalira bambo awo amene ali ndi matenda oiwalaiwala aja a dementia, ndipo anamwino anawalangiza kuti ayesere mindfulness, njira yokhazika mtima pansi popuma modekha ndi kuika maganizo pa zimene zikuchitika panopo. Anadandaulanso kuti mchimwene wawo sabwera kudzawathandiza. Anandifunsa kuti: "Kodi zimenezi zimathandizadi, kapena angondiuza kuti ndiwachoke?" Ndinawerenga, n'kuika foni pansi, ndipo ndatenga masiku osayankha chifukwa funsoli linandikumbutsa zimene ndinkafuna zitaiwalika.

Ine ndinasamalira amayi anga kwa zaka 4. Masana ankakhala bwinobwino, koma dzuwa likamapendeka ankayamba kusakhazikika. Ankalongedza zovala m'chikwama n'kumati akupita kwawo, pamene ali m'nyumba yawo yomwe. Kenako ankafunsa kuti abambo abwera nthawi yanji, chikhalirecho abambo anatisiya kalekale. Poyamba ndinkawauza zoona, ndipo ankalira ngati uthenga wamaliro angoumva kumene. Mawa lake funso lomwelo, kulira komweko. Tsiku lina mtima unandiphulika, ndinawakalipira kuti, "Ndakuuzani kale, anamwalira!" Anandiyang'ana mwamantha ngati mwana amene wakumana ndi mlendo. Patangopita mphindi zochepa iwo anali ataiwala zonse, akundifunsa ngati ndatopa. Ine mpaka lero nkhope ija ndimaionabe.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti kusokonezeka kwa madzulo kumeneku madokotala amakudziwa bwino, ndipo kumachitikira odwala ambiri. Sindinali ndekha ngakhale pang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Alzheimer, umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906. Bungwe lomweli limanenanso kuti pa maola onse osamalira odwalawa, pafupifupi 70 pa 100 alionse amagwira ndi amayi. Nambala imeneyi sinandidabwitse, inangondipsetsa mtima.

Ndipo apa ndinene mosabisa. Anthu amene amakuuzani kuti "muzidzisamaliranso inuyo" koma sanakhalepo ndi wodwalayo ngakhale usiku umodzi, akungodzichotsa manyazi. Ndinali ndi achibale otero. Ankabwera kwa ola limodzi, amayi n'kuwasekera, iwo pochoka n'kumati, "Komatu akuoneka bwino." Thewera la usiku sankalidziwa. Choncho achemwali, kukayikira kwanu ndikukumvetsa. Kupuma modekha sikuchapa zofunda, sikubweza nzeru za bambo anu, ndiponso sikulowa m'malo mwa mchimwene wanu amene sakubwera.

Maphunziro otchuka a mindfulness anayambitsa ndi Jon Kabat-Zinn mu 1979, pa sukulu ya zachipatala ya yunivesite ya Massachusetts, ndipo ambiri amene ankawathandiza anali odwala ululu wosatherapo. Amatenga milungu 8, ndipo wophunzira amafunika kukhala phee pafupifupi mphindi 45 tsiku lililonse. Nditamva zimenezi ndinaseka ndekha. Mphindi 45 kwa munthu amene ngakhale kubafa amasiya chitseko chosatseka kuti azimva ngati wodwala wagwa? Komabe mfundo yake ndi yoona: kuika maganizo pa zimene zikuchitika panopo, kuona mmene thupi ndi mtima zikumvera, osadziweruza. Munthu ukakwiya kapena kuchita mantha, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umagunda mwamsanga, ndipo pakamwa pamathamanga kuposa nzeru. Ukamatulutsa mpweya pang'onopang'ono, mtsempha wotchedwa vagus umachepetsa kugunda kwa mtima. Chimene ndinapezapo ine ndi kampata kakang'ono pakati pa funso la amayi ndi yankho langa. N'kochepa, koma m'kampata komweko ndinaphunzira kunena kuti, "Mwawasowa abambo eti? Tandiuzeni, munakumana nawo bwanji?" Ankafotokoza mpaka funso lija kuliiwala.

Nanga muyambire pati?

Musadikire nthawi yaphee, siibwera. Musanalowe m'chipinda cha bambo, imani pakhomo, kokani mpweya katatu, ndipo potulutsa muzichedwa kuposa pokoka. Posamba m'manja, mvetserani madziwo basi, osati za mawa. Ukali ukamakwera, utchuleni mumtima kuti "ndakwiya", ndipo ngati bambo ali pabwino, tulukani kwa mphindi imodzi. Maganizo azithawa ndithu, muzingowabweza. Masiku ena mudzakalipabe, ngati mmene ine ndinkachitira, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti mwalephera.

Koma ngati mwatha milungu osagona, mukungolira, kapena mwayamba kuganiza zodzivulaza kapena kuvulaza bambo, pitani kwa dokotala mukanene za inuyo, osati za iwo okha. Ndipo mchimwene wanu uja musamufunse ngati angathe kuthandiza. Muuzeni tsiku ndi nthawi, kuti Loweruka kuyambira masana mpaka madzulo bambo akhala ndi iye, ndipo akafika inu muchoke pakhomopo.