Kodi Zilonda Zapakhosi Zingayambitse Ma Tic mwa Mwana?

Mayi wina watilembera kuti: "Mwana wanga wa zaka 7 wayamba kuphethiraphethira ndi kugwedeza mutu mosafuna. Mwezi watha anadwala pakhosi. Kodi n'chitetezo cha m'thupi chikuchititsa zimenezi?"

Mayi, zimachitika ndithu, koma mwa apo ndi apo. Ma tic ndi kugwedezeka kapena mawu obwerezabwereza omwe munthu amachita mosafuna, monga zomwe mwafotokozazi. Ma tic ambiri amayamba mwana ali ndi zaka 4 mpaka 6, amayendera kumtundu, amakula n'kuchepa okha, ndipo amafika pachimake pa zaka 10 mpaka 12. Ana amsinkhu uwu amadwala pakhosi pafupipafupi, choncho ziwirizi zimatha kungokumanizana.

Komabe funso lanu lili ndi maziko. Mabakiteriya a Group A Streptococcus (mwachidule strep), omwe amayambitsa zilonda zapakhosi, akalowa m'thupi, thupi limapanga asilikali olimbana nawo. Zigawo zina za mabakiteriyawa zimafanana ndi mapuloteni athu omwe, ndiye asilikali aja nthawi zina amasokonezeka n'kumenya basal ganglia, mbali ya mkati mwa ubongo yomwe imawongolera kayendedwe ka minofu. Matenda a Sydenham chorea, omwe amachititsa ziwalo kugwedezeka mosafuna, amayamba chomwechi. Mu 1998 Susan Swedo ndi anzake ku America anafotokoza za ana 50 omwe ma tic kapena OCD (vuto la maganizo lokakamiza munthu kubwereza zinthu mosalekeza) zinawayamba mwadzidzidzi atadwala strep, n'kuwatcha matendawa PANDAS.

Mawu ofunika apa ndi "mwadzidzidzi". Mwana amasintha m'tsiku limodzi kapena awiri. Amasamba m'manja mosalekeza, amakana chakudya, amayambiranso kukodza pogona, safuna kusiyana nanu. Tsegulani kope lake, muone ngati zilembo zomwe zinali zowongoka sabata yatha lero zapindikapindika. Ngati ndi kuphethira kokha komwe kwabwera pang'onopang'ono, PANDAS ndi yokayikitsa kwambiri. Kafukufuku wa EMTICS ku Ulaya anatsatira ana 715 a ma tic okhalitsa, ndipo sanapeze kuti strep imakulitsa vutoli.

Kuchipatala apempheni apime pakhosi ndi kumvetsera mtima, chifukwa strep imatha kuwononga mavalavu ake. Musadalire ASO (kuyeza magazi kofufuza asilikali olimbana ndi strep) yoyeza kamodzi, imangosonyeza kuti mwana anakumanapo ndi mabakiteriyawa. Pamafunika kuyeza kawiri, patadutsa masabata angapo, kuti zioneke ngati ikukwera. Strep ikapezeka, penicillin kapena amoxicillin amwe masiku 10 onse. Chomwe chimatidetsa nkhawa ndi ana omwe amamwetsedwa maantibayotiki miyezi yambiri popanda umboni, pomwe chithandizo cha CBIT, chophunzitsa mwana kuzindikira tic isanabwere n'kuitchinga, akuchisowa.

Pakadali pano mujambuleni kavidiyo iye asakudziwa, lembani tsiku lomwe chilichonse chinayamba, ndipo musamukalipire kuti asiye. Mukamamuyang'anitsitsa ndi pomwe ma tic amachulukira.