Sopo wometera wonunkhira bwino, koma thovu likuuma pankhope: vuto lili pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akukhala ku London. Akuti anatopa ndi tiziphuphu ta pakhosi timene timatuluka akameta ndi timalumo ta malezala anayi kapena asanu tija, ndiye anagula lumo lachitsulo la lezala limodzi, burashi yometera, ndi kambale ka sopo wopangidwa pamanja ndi kakampani kakang'ono. Sopoyo anamusankha chifukwa cha kununkhira. Koma thovu likuuma asanamalize tsaya limodzi, lumo likukoka ndevu, ndipo fungo lija likutha akangosukusula. Funso lake linali lakuti: "Kodi ndataya ndalama zanga? Nanga sopo wabwino mumamudziwira chiyani?"

Achimwene, ndalama simunataye. Ndikukhulupirira kuti sopo wanuyo alibe mlandu, vuto lili pamadzi, ndipo lili pawiri: madzi amene mukugwiritsa ntchito ndi ovuta, komanso mukuthira ochepa.

Tiyambe ndi madzi a kumene mukukhalako. Suzumirani m'ketulo yanu. Zoyera zokakamira pansi zija ndi laimu, chifukwa madzi a ku London amadutsa m'nthaka ya choko ndipo amatenga calcium ndi magnesium wambiri. Zinthu ziwirizi zikakumana ndi sopo zimamugwira n'kumusandutsa litsiro loyera losasungunuka, lija limatsalira m'mbali mwa sinki. Sopo amene wagwidwa choncho sangapangenso thovu. Aliyense amene anachapapo ndi madzi a pamijigo ina kwathu kuno akudziwa zimene ndikunena: umapaka sopo mpaka mkono kuwawa, thovu osaoneka. Ine ndinaziona bwino nditapita kumudzi mwezi wa Januwale ndi sopo yemwe m'tauni amandichitira bwino tsiku lililonse. Ndi madzi a pamjigo, thovu linali lopyapyala, lotha msanga. M'mawa mwake ndinatunga kapu imodzi m'diramu ya madzi amvula, ndipo sopo yemweyo, burashi yomweyo, zinatulutsa thovu lonenepa mpaka kusefukira m'zala.

Choncho yesani kamodzi kokha ndi madzi otchezedwa (distilled water) aja amagulitsa othira mu ayironi kapena mu batire ya galimoto. Kapu imodzi ikwana. Thovu likasintha, mwapeza gwero la vuto. Kuyambira pamenepo simukufunika kumagula madzi masiku onse. Ingotapani sopo wochuluka kuposa amene mumatapa, kuti ena akagwidwa ndi laimu ena atsale ogwira ntchito.

Tsono kapangidwe ka thovu, pamene anthu ambiri oyamba kumene amaphonya. Tinazolowera thovu la m'chitini, lotukumuka ngati thonje, ndiye timaganiza kuti thovu labwino ndi louma, loima njo. Ayi. Ntchito ya thovu ndi kusunga madzi pandevu kuti zifewe, ndi kupangitsa lezala kutsetsereka pakhungu. Viikani burashi, muifinye pang'ono kuti isadonthe, kenako muizungulitse pa sopo kwa masekondi 30 kapena kuposa, mpaka nsonga zake zitamatira sopo wolimba ngati phala la dzulo. Pakani kumaso konyowa. Apa ndiye pofunika kudekha: viikani nsonga zokha za burashi m'madzi, bwererani kumaso, zungulitsani, viikaninso. Kanayi, kasanu, mwina kasanu ndi kamodzi. Mudzaona thovu likusintha pamaso panu, likusiya kuoneka ngati choko n'kuyamba kunyezimira ngati chambiko. Timabowo ta mpweya tisamaoneke. Litsineni pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala: likhale loterera ngati therere. Sopo wa amisiri ang'onoang'onowa amamwa madzi kwambiri kuposa mmene munthu angaganizire, ndipo thovu louma msanga ngati lanulo pafupifupi nthawi zonse limakhala laludzu.

Metani mukangotuluka kosamba, ndevu zitanyowa kwa mphindi zitatu kapena kuposa. Ndevu zouma n'zolimba, palibe sopo angazifewetse m'masekondi ochepa.

Mwafunsa chimene ndimadziwira sopo wabwino. Ndimatembenuza kambale n'kuwerenga mndandanda wa zosakaniza, chifukwa amayamba kulemba chimene chachuluka. Ndimafuna kuona stearic acid, mtundu wa mafuta olimba, kapena potassium stearate wochokera kwa iye, koyambirira. Ameneyu ndiye msana wa thovu, amalipangitsa kukhala lothithikana ndi losaphwa msanga. Sopo wosambira amaphikidwa ndi sodium hydroxide, mankhwala osandutsa mafuta kukhala sopo, n'chifukwa chake amakhala wolimba, pamene wometera amakhala ndi potassium hydroxide wambiri, amene amatulutsa sopo wofewa, wosavuta kutapa ndi burashi. Potassium ameneyu si mlendo kwathu: ndi yemwe ali m'chidulo chimene amayi amatcheza kuchokera kuphulusa. Mafuta a kokonati amafulumizitsa thovu, koma akachuluka amaumitsa khungu. Mafuta a nsatsi, glycerin ndi shea butter amathandiza kuti nkhope isathetheke mukamaliza.

Pali mkangano wakale woti sopo wa mafuta a ng'ombe, amene pachikutiro amalembedwa tallow, ndiye yekha wabwino. Ine sindigwirizana nawo kwenikweni. Arko wa ku Turkey ndi Cella wofiira wa ku Milan ali ndi mafuta a ng'ombe ndipo amameta bwino, n'zoona. Komanso Martin de Candre wa ku France alibe mafuta a nyama ngakhale pang'ono, ndipo thovu lake ndi limodzi mwa osavuta kupanga amene ndinaonapo. Chachikulu ndi luso la wophika. Chimene ndimayesera sopo ndi ichi: lumo likadutsa n'kuchotsa thovu, ndimanyowetsa chala n'kusisita pamene padutsapo. Pakakhala poterera, ndiye kuti nditha kubwereza pamalo povuta ngati pansi pa chibwano popanda kudzicheka. Pakakhala pogwira, sopoyo ndi wapakatikati, anunkhire chotani.

Tibwere ku fungo, poti ndi limene linakukopani, ndipo sindikukudzudzulani. Inenso m'mawa umakoma ndikatsegula kambale konunkhira. Koma sopo ndi chinthu chotsukidwa. Fungo lake ndi la mphindi khumi zija muli pagalasi, kenako limapita ndi madzi. Ngati mukufuna kuti likuperekezeni kuntchito, amisiri ambiri monga Stirling ndi Barrister and Mann a ku America amapanga mafuta opaka mukameta a fungo lofanana ndi sopo wawo. Amenewo ndiwo amakhalitsa.

Mafungo nawonso amasiyana moyo. A mandimu ndi malalanje amauluka msanga, ngakhale m'kambale momwemo amazilala pakapita miyezi ngati simutseka bwino. A mitengo ndi mizu amakhazikika. Mwa onsewa ine mtima wanga uli pa vetiva. Inde, udzu womwe uja alangizi a zaulimi amatiuza kubzala m'mizere kuti nthaka isakokoloke. Masamba ake alibe fungo loti n'kunena, koma kumbani muzu, muutsuke, muuphwanye ndi chala: fungo la dothi lonyowa losakanikirana ndi kautsi pang'ono. Mafuta ake ambiri amene opanga zonunkhiritsa amagwiritsa ntchito amachokera ku Haiti. Nditayamba kumeta ndi sopo wa vetiva ndinangoima kaye ndi burashi m'manja, chifukwa chinandifikira ndi m'munda mvula yoyamba itangogwa.

Mudzaonanso mawu akuti fougère pa tizimbale tambiri. Ndi banja la mafungo limene linayamba ndi perefyumu ya Fougère Royale ya kampani ya Houbigant mu 1882, losakaniza lavender, ndere za pamitengo ndi coumarin, amene amanunkhira ngati udzu womweta kumene. Fungo limene anthu amati "la kometera" nthawi zambiri ndi limeneli. Sopo wa Proraso wobiriwira wa ku Italy ndi wa bulugamu ndi menthol, ndipo m'nyengo yotentha amatsitsimula. Menthol saziziritsadi khungu, amangonyenga mitsempha yomva kuzizira, choncho musamuyese mankhwala a khungu lopsa.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni mwamphamvu, poti khungu lanu ndi lovuta kale. Mafungo ena amaotcha. Ndinagulapo sopo wa mtundu wa bay rum, fungo la ku Caribbean lokhala ndi cloves ndi sinamoni, lokoma zedi m'mphuno. Pasanathe mphindi ziwiri masaya anayamba kunyerenyetsa, kenako kutentha ngati ndapaka tsabola, lumo ndisanaligwire n'komwe. Sopoyo sanali woipa, mnzanga amene ndinamupatsa akumeta naye mpaka lero. Khungu langa ndi limene siligwirizana ndi eugenol ndi cinnamal, mankhwala a fungo opezeka mu cloves ndi sinamoni. Kumene muliko lamulo limawauza opanga kulemba mayina amenewa pachikutiro akachuluka, pamodzi ndi ena monga limonene ndi linalool, ndiye muziwerenga. Lanolin, mafuta a muubweya wa nkhosa amene ali mu Mitchell's Wool Fat wa ku Bradford, amafewetsa khungu la anthu ambiri koma ena amawayabwa. Sopo watsopano aliyense, pakani kathovu kake mkati mwa chigongono, dikirani mphindi zisanu, ndipo muonenso mawa lake. Ogulitsa ambiri ali ndi tizidutswa toyesera totchipa. Gulani timeneti musanagule kambale kathunthu, makamaka poti fungo la sopo wouma limasintha akanyowa n'kukhala thovu.

Za tiziphuphu ta pakhosi tija, sopo athandiza koma sangamalize yekha. Ndevu zathu zopotana zikadulidwa pafupi kwambiri, nsonga yake imapindika n'kubayanso khungu, ndiye pamatupa. Lumo la lezala limodzi mwasankha bwino. Siyani ndevu zikule masiku awiri, musisite ndi dzanja kuti mudziwe kumene zaloza, makamaka pakhosi pamene zimamera mozungulira. Metani motsatira kumeneko, osakoka khungu, osakanikiza lumo, ndipo musinthe lezala likangoyamba kukoka. Kwa milungu itatu yoyamba musasinthe sopo, mtundu wa lezala kapena burashi. Sinthani kuchuluka kwa madzi kokha, kuti mudziwe chimene chikuthandiza. Ikatha milungu imeneyi mundilemberenso, ndipo munditumizire chithunzi cha mndandanda wa zosakaniza wa kuseri kwa kambale kanuko.