Dzina lanu lilembedwe asanayatse kamera

Achimwene, zoti "lembani kaye nkhaniyo, dzina lanu tidzaikapo filimu ikatha" musazimvere ayi. Ndangowerenga funso lanu la mkulu amene akufuna mumulembere nkhani ya filimu n'kukupatsani kagawo kakang'ono kosewera, mtima wayambanso kuwawa.

Ine zinandichitikira: nkhani yonse ya filimu ndinalemba ndekha, usiku, pafoni yosweka galasi. Mkulu wina wodzitcha pulodyusa anandiwonjezera kagawo ka mlonda wapageti, mawu ake ongoti "Abwana kulibe, mubwere mawa." Tsiku loonetsa filimu ndinaitanitsa mayi anga kumudzi, anabwera atavala chitenje chatsopano, tinakhala kutsogolo. Filimu itatha mayina anayamba kukwera. Wolemba, dzina la mkuluyo. Wotsogolera, iye yemweyo. Langa linatulukira kumunsi kwenikweni, pa "Mlonda", atalilembanso molakwika. Holo yonse ikuomba m'manja chifukwa cha mawu anga, iye ali chilili kutsogolo n'kumawerama. Mayi anandikodola, "Kodi lako lija ladutsa kale?" Ndinasowa choyankha. Panja mkuluyo anandifumbatitsa ya minibasi, ati "mwayesetsa a mlonda." Foni yanga sayankha mpaka lero, koma pa Facebook ndiye katswiri wolangiza achinyamata za chilungamo. Munthu wopanda manyazi!

Ndiye wina asadzakuuzeni kuti wosewera timagawo ting'onoting'ono sangakhale wolemba wotchulidwa dzina. Clarence Muse, wosewera mafilimu wakuda wobadwira ku Baltimore, ku America, mu 1889, ku Hollywood nthawi zambiri ankamupatsa magawo a wantchito wam'nyumba, wosamalira mahatchi, wonyamula katundu. Mufilimu ya Shadow of a Doubt ya wotsogolera mafilimu Alfred Hitchcock, ya 1943, ndi wothandiza apaulendo m'sitima basi. Koma yemweyo analemba filimu ya Way Down South ya 1939 pamodzi ndi wolemba ndakatulo Langston Hughes, ndipo mayina awo awiri ali pafilimupo. Nthawi ya tsankho loopsa imeneyo, anthu akuda awiri anatchulidwa kuti ndiwo olemba, pamene ife kuno tikuberana tokhatokha. Nyimbo imene woimba jazi Louis Armstrong ankatsegulira nayo zoimba zake, When It's Sleepy Time Down South, Muse anaipeka nawo mu 1931 ndi Leon ndi Otis René, ndipo napo dzina lake lilipo.

Sikuti dzinalo linangomubweretsera ulemu wokha. Way Down South inadzudzulidwa ndi akuda anzawo kuti ikukometsa moyo waukapolo wa m'minda, ndipo zala zinaloza olembawo, makamaka Hughes. Komabe bola kunyozedwa pa ntchito yako kusiyana n'kuonerera wina akuwerama.

Choncho musapereke tsamba ngakhale limodzi asanasaine pepala lonena kuti wolemba ndi inu ndiponso adzakulipirani zingati. Sungani mauthenga onse a WhatsApp, ndipo nkhaniyo mudzitumizire pa imelo kuti deti lioneke. Akakwiya n'kumati simukumukhulupirira, mwamudziwa kale.

Koma kagawo kosewerako tengani, ngakhale atakana kusaina, ngakhale ndalama zake zikhale za minibasi. Muse anasewera m'mafilimu kwa zaka 50, magawo ambiri ali otere, kuchokera pa Hearts in Dixie mu 1929 kufika pa The Black Stallion mu 1979, chaka chomwe anamwalira kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 90. Inenso ntchito zonse zomwe ndapeza kuchokera nthawi ija, anthu amandiitana chifukwa anandiona pageti paja. Mkulu wanuyo mundiuze dzina lake kuseri, ndikukayika kuti ndi yemwe uja.