Ndigulitse nyumba yanga ya ku Luwinga pano, kapena ndidikire?

FUNSO

A Mlangizi, ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Kwathu ndi ku Dedza, koma ku Mzuzu kuno ndinabwera ndili mtsikana. Ndili ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Luwinga, madzi ndi magetsi zilipo, ndipo ndikufuna kubwerera kumudzi. Ndinaika mtengo wa K45 miliyoni. Anthu amangobwera, kusuzumira m'zipinda, n'kutsanzika osabweranso. Tsopano kwapezeka bambo wina amene akuti apereka K38 miliyoni, theka lero, theka linalo pakatha chaka. Madobadoba akundikakamiza kuti ndivomere, ati msika wafa. Ana anga akuti ndidikire. Nditani?

Mayi wa ku Luwinga, Mzuzu

YANKHO

Amayi, K7 miliyoni imene bamboyo wadulapo mutha kukambirana. Chimene ndikukana ine ndi theka la pakatha chakalo.

Kumbukirani kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu amene anagulitsa nyumba mu October chaka chimenecho n'kulola kudikira ndalama yotsala, anadzailandira yokwana ndithu pakuwerenga, koma atalowa nayo m'sitolo ya simenti ndi malata anatuluka ndi katundu wochepa kwambiri. Nyumba ija inali itakwera mtengo m'manja mwa mwini watsopano. Ndiye bamboyo akuti mumukongoze K19 miliyoni kwa chaka chathunthu popanda chiwongoladzanja, pamene kubanki akanamulipiritsa chochuluka. Inu, wodalira penshoni, ndi amene musenze katundu ameneyu? Ayi ndithu. Ngati alibe yonse, akakongole kubanki, inu mulandire kamodzi.

Chiwongoladzanja chomwechi n'chimene chikuthamangitsa anthu osuzumira aja. Wapantchito ya pamwezi akawerengera ngongole ya nyumba amabwerera m'mbuyo. Otsala ndi ogula ndi ndalama yapamanja: amalonda, alimi a fodya akagulitsa ku okushoni ya ku Mzuzu, ndi abale athu otumiza ndalama kuchokera ku Joni. Anthu amenewa ndi ochepa ndipo sathamanga. Madobadoba akuthamanga chifukwa kagawo kawo amalandira tsiku losainirana, za chaka chamawa sizikuwakhudza.

K45 miliyoniyo munaipeza bwanji? Ngati munangomva kwa aneba, itanani katswiri wovomerezeka woyesa mtengo wa nyumba, akulembereni lipoti. Funsaninso mmisiri kuti kumanga nyumba ngati yanuyo lero kungadye zingati. Mwina mupeza kuti mtengo wanu ndi wotsika kale.

Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, imafika mpaka April kapena May. Wogula akalowa amayang'ana m'munsi mwa khoma momwe penti yatukusira, amakweza maso kuona madontho akuda pa siling'i, amanunkhiza chinyezi kuseri kwa wadiropu. Sinthani lata lodontha, konzani ngalande ya kuseri, palani ndere pakhonde, ndipo muionetse nyumbayo dzuwa likuswa mtengo.

Za mapepala simunatchule, ndipo malonda ambiri amafera pamenepo. Kodi lizi ili m'dzina lanu? Ngati ili m'dzina la malemu, yambani ndi makalata oyendetsera chuma cha masiye. Ngati malowo munagula kudzera kwa mabuloko lida, ndi kakalata ka pamanja chabe, pitani ku ofesi ya za malo konkuno ku Mzuzu akakuuzeni poyambira, chifukwa banki sikongoza munthu pa nyumba yopanda mapepala. Lipirani msonkho wa kukhonsolo ya mzinda, mabilu a Northern Region Water Board, ndipo pakusintha umwini pafunika chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Zonsezi ziyende kudzera kwa loya wanu, osati wobwera ndi wogula. Makiyi ndi mapepala musapereke ndalama yonse isanaoneke mu akaunti yanu.

Ana anu ali ndi mfundo. Luwinga ndi pafupi ndi Mzuzu University komanso chipatala chachikulu, ndipo ophunzira ndi anamwino amafuna pogona chaka ndi chaka. Lendi mutha kuikweza zinthu zikakwera. Vuto lake ndi loti kutolera lendi muli ku Dedza n'kovuta, ndipo ophunzira akatsekera zipinda zimakhala zopanda anthu. Pafunika mwana mmodzi wokhulupirika woyang'anira.

Ngati ku Dedza muli kale ndi pogona, ine ndikuti ikani alendi kwa chaka, mtengo wogulitsa uli chiikire. Ngati ndalamayo ndi yokamangira nyumba kumudzi, gulitsani kwa wopereka yonse, ngakhale atsitseko pang'ono, ndipo sabata yomweyo mukagule simenti, malata ndi zitsulo mmisiri ali kale pamalopo.