Funsani za Ziweto: Galu wayera nkhama, ndimubaye Berenil?

Funso: Galu wanga wachikuda watha masiku atatu osadya, akungogona, ndipo mkodzo wake wada ngati tiyi wopanda mkaka. Katemera wa chiwewe adalandira. Anzanga akuti ndimubaye Berenil wa ng'ombe. Ndichite zimenezo? Ndine wowerenga wanu wa ku Lizulu, Ntcheu.

Yankho: Bambo, musafulumire kugwira jakisoni. Yambani mwatukula mlomo wa galuyo muone nkhama. Zikakhala zoyera kapena zachikasu, thupi n'kutentha kupyola madigiri 39.5, tikuganizira Babesia, kachilombo kamene nkhupakupa imalowetsa m'magazi ikamayamwa. Kamaswa maselo ofiira a magazi, ndipo kuda kwa mkodzoko ndi magazi oswekawo akutuluka kudzera mu impso. Katemera wa chiwewe satchinjiriza ku zimenezi.

Anzanuwo sananame kwenikweni, Berenil amapha Babesia. Pamene agalu ambiri amafera ndi pa muyeso. Galu amafunika mamiligalamu 3.5 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake, kubaya kamodzi kokha. Kapaketi kakang'ono ka magalamu 2.36 kaja adakayezera ng'ombe ya makilogalamu 300, kutanthauza kuti n'kokwanira agalu 20 a makilogalamu 15. Mukapyola muyeso pang'ono, kapena mukabwereza mawa lake poona kuti sanadzuke, mankhwalawo amawononga ubongo: galu amadzandira, kuuma miyendo, kukomoka, ndipo ambiri sabwerera. Muyezeni pa sikelo, ngakhale ya chimanga, mutamuika m'thumba mutu uli kunja, ndipo abaye ndi alangizi a ziweto.

Chinanso, nkhupakupa zimafalitsanso kachilombo kena, Ehrlichia, amene Berenil samugwira. Ameneyu amaondetsa galu pang'onopang'ono, nthawi zina n'kuchita kamfuno. Mankhwala ake ndi doxycycline, mamiligalamu 10 pa kilogalamu tsiku lililonse kwa masiku 28. Ambiri amasiya sabata yoyamba galu akayamba kudya, matenda n'kubisala mu kapamba. N'chifukwa chake ndi bwino kuti a ziweto atenge kadontho ka magazi kunsonga ya khutu akaone pa makina oonera tizilombo. Panado ndi Brufen musamupatse, amawononga chiwindi ndi impso za galu.

Funso: Ndimazula nkhupakupa tsiku ndi tsiku koma sizikutha. Zikuchokera kuti? Mayi wa ku Bembeke, Dedza.

Yankho: Mayi, zikuchokera m'nyumba momwemo. Nkhupakupa yofiirira ya agalu imaswana m'ming'alu ya khoma ndi pogona galu, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira masauzande. Matani ming'aluyo, tenthani zisanza zogonera, kenaka musambitse galuyo ndi dibi wa amitraz motsata muyeso wa pa botolo, koma tiana ta agalu ayi. Pozula gwirani pafupi ndi khungu, makamaka m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo muziponye pamoto. Galu akameza nkhupakupa amatha kutenga kachilombo kena, Hepatozoon.